Carpentaria: buku lofuna makutu

Buku la Carpentaria, lomwe Alexis Wright anatulutsa mu 2006, limayamba ndi chinjoka cha makolo chikutsika kumwamba n'kumakwawa m'matope a kumpoto kwa Australia, chikukumba mitsinje yothira m'nyanja ya Gulf of Carpentaria. Wright ndi wa fuko la Waanyi, amodzi mwa eni nthaka a kumeneko. Njokayo sanaiike kuti ikometsere nkhani ayi. Ili moyo pansi pa mtsinje, ndipo madzi akamadzaza ndi kuphwera, ndiye kuti ikupuma. Wowerenga amene angakane zimenezi pa masamba oyambirira, bukuli silimulandira.

Luso la mayiyu lagona pa kalankhulidwe. Amalemba m'Chingerezi, koma amene akusimba nkhaniyo akumveka ngati mkulu wofotokoza mlandu pabwalo, woyambira kwa agogo asanafike pa zimene zachitika dzulo. Amabwereza, amapatuka, amanena miseche ya m'tauni ya Desperance momwe mukuchitikira nkhaniyi, kenaka n'kubwerera pomwe anasiyira. Chiganizo chimodzi chimatha kunyamula zakale, zalero ndi zamaloto. Bukuli limakoma ukamaliwerenga mokweza. Ukalithamangira ndi maso okha, umasochera.

Kasimbidwe kameneka kali ndi chifukwa. Mpaka chigamulo cha khoti pa mlandu wa Mabo mu 1992, malamulo a Australia ankalitenga dzikolo ngati linalibe eni ake azungu asanafike. Ku Desperance azungu amadalira mapepala a khonsolo, pamene Normal Phantom, msodzi wokhala kunja kwa tauni m'malo otchedwa Pricklebush, amadziwa nyanja ndi nyenyezi pamtima. Wright amapereka ulamuliro wa nkhani yonse kwa odziwa pamtimawo. Nchifukwa chake nkhondo ya mwana wa Normal, Will, yolimbana ndi mgodi waukulu, siimveka ngati nkhani ya m'nyuzipepala. Ndi mlandu wa nthaka, ndipo nthakayo imayankha yokha namondwe akasesa tauni yonse.

Makampani akuluakulu osindikiza mabuku analikana. Linatuluka kudzera ku kampani yaing'ono ya Giramondo, n'kupambana mphotho ya Miles Franklin mu 2007. Sindidabwa kuti ankaliwopa: masamba opitirira 500, ndipo palibe paliponse pomwe limaima kuti limasulire mlendo miyambo ya eni ake.

Pali pomwe ndimadandaula. Azungu ena, makamaka meya Bruiser, ajambulidwa oipa kotheratu moti sasiya funso lililonse mumtima. Chondipweteka kwambiri ndi Angel Day, mkazi wa Normal, amene amamanga nyumba ndi zotola kudzala, n'kupenta chiboliboli cha Maria kuti chikhale chakuda ngati iye. Ndi mayi wamakani, wodzikonda, wamoyo kuposa amuna onse a m'bukuli. Komabe nkhani ikafika pa nyanja ndi mgodi, Wright amamukankhira pambali n'kutsata abambo ndi ana awo aamuna, ndipo mitu yotsatirayo, ngakhale ili yamphamvu, imasowa ukali wake.