Za Liu la Cingelezi Lakuti "Scrutinize"

Aphunzitsi ambiri pomasulira liu ili kwa ana a sukulu angoti "kuyang'ana," napitirira. Kumasulira kotere nkoperewera, pakuti munthu akhoza kuyang'ana nyumba alikupita m'njira, koma liu ili lifuna kuti alowemo ndi kuvundukula zonse. Tiyeni tione kumene linacokera.

Muzu wace uli m'Cilatini. Aroma anali ndi dzina lakuti scruta, ndilo nsanza ndi zakutha zotaya kudzala. Pa dzinalo panaphuka mneni scrutari, kunena nchito ya munthu wotembenuza nsanza imodzi imodzi, kapena angapezemo kanthu kamtengo. Hieronimo, pokonza Mauthenga Abwino m'Cilatini m'zaka za m'ma 380, ali ndi mneni yemweyo pa Yohane 5:39.

Akatekisti azindikirenso ici: mu Mpingo wakale wa ku Roma, kuyesedwa kwa ofuna ubatizo m'masabata otsogolera Paskha kunachedwa scrutinium. Pambuyo pace liulo linanenanso kuwerenga mavoti posankha mkulu, monga Papa. Ndi tanthauzo limeneli dzina lakuti scrutiny linalowa m'Cingelezi m'zaka za m'ma 1400, ndipo mneni scrutinize anaoneka m'zaka za m'ma 1600.

Nanga m'cinenero cathu tidzati ciani? Ena ati "kuyesa," koma tiyesa mwana pa mayeso, tiyesanso cimanga m'mbale. Apo Angelezi ali ndi mau ena. Ena ati "kufufuza," koma tifufuza cinthu cobisika kapena mlandu wosadziwika mutu wace, pamene liu ili linena cinthu ciri kale pamaso pathu. "Kuyang'anitsitsa" kuyandikira, koma kumeneko ndi kwa maso okha. Ine nditi liu loyenera ndilo "kusanthula," cifukwa wosanthula katundu agwira ndi manja, natembenuza, napatula, monga acita mai posankha nyemba pa licero. Cithunzi ca Aroma ndi cathu cigwirizana.

Pa kanenedwe, muwacenjeze ana zinthu ziwiri. Coyamba, mneni uyu atenga dzina lace pomwepo, wopanda at pakati. Ana aikapo at cifukwa anazolowera look at. Caciwiri, Angelezi alemba mathero ace -ize kapena -ise, ndipo zonse ziwiri ziloledwa. Musalange mwana pa ici, bola asasinthesinthe m'kalata imodzi.

Pali cifukwa cina cosamalira liu ili. Mphunzitsi woyesa kuti kusanthula ndiko kusaka zolakwa adzabweza kope la mwana lofiira ndi inki, osaonamo ciganizo cimodzi cabwino cimene mwanayo anacivutikira. Koma wosanthula nsanza wa ku Roma sanali kuwerenga zong'ambika. Anafuna cimene cikhoza kusungidwa. Inunso, abale, posanthula makope ndi mayankho a ophunzira anu, muzitero.