Chipululu Chobwereka: Maganizo pa Nkhani ya Lachinayi Lapitali

Lachinayi lapitali pa msonkhano wathu wa alembi tinamvera nkhani yaifupi ya mnzathu wa chaka chachiwiri. Nkhaniyo ndi ya mnyamata wa ku Balaka amene wapita ku Dubai kukagwira ntchito ya ulonda, ndipo tsiku lililonse lopuma amayendayenda mu mzindawo ndi kunja kwake kuti audziwe. Titamaliza kumvera tinaomba m'manja, ena nati Chichewa chake n'chosalala, ena nati mutu wake ngwatsopano. Ine sindinalankhule chifukwa nthawi inatithera. Tsono ndalemba pano zimene ndikadanena, ndipo mnzathuyo andikhululukire ngati penapake ndagunda pachilonda.

Dandaulo langa ndi lakuti m'masamba asanu ndi awiri a nkhaniyi muli mzinda umene mlembi sanauganizire mokwanira. Muli nyumba ya Burj Khalifa ndi mamita ake 828, muli ngamira, muli mchenga wofiira dzuwa likamalowa. Zonsezi n'zoona, koma aliyense wa ife waziona kale pa foni. Mnyamatayo akuyenda tsiku lonse m'mwezi wa Julaye, pamene kutentha kumeneko kumapitirira madigiri 40, koma sitikumuona akufunafuna mthunzi kapena kufunsa mtengo wa botolo la madzi. Sitikuuzidwa kumene amagona, angati m'chipinda chimodzi, ngakhale chiyankhulo chimene amalonjerana nacho ndi anzake a ku India ndi ku Pakistan, chonsecho anthu ambiri okhala mu mzindawo ndi obwera ngati iye. Akatuluka kufika pa mchenga, mlembi amamuika m'kamwa mawu onena za imfa, kusungulumwa ndi moyo wopanda tanthauzo. Apa m'pamene ndinazindikira kuti chipululuchi sichinachokere ku Arabia ai. Chachokera m'kalasi ya Chingerezi, m'ndakatulo ya T.S. Eliot ya 1922 yotchedwa The Waste Land, ndiponso m'buku la Eksodo.

Tiyeni tilione bwino liwulo. M'Chichewa chipululu ndi malo opanda anthu, opanda midzi, ndipo mchenga ukhoza kukhalapo kapena ai. Choncho munthu akati mzinda wa m'chipululu wafunsa kale funso, ngakhale asadziwe: kodi khamu lonselo likumwa chiyani pamalo pamene panalibe anthu? Ku Dubai yankho lake ndi madzi a m'nyanja yamchere, amene amachotsedwa mcherewo m'mafakitale akuluakulu a ku Jebel Ali. Mlendo wochokera ku London angathe kukhala mwezi wathunthu osafunsa zimenezi. Koma mwana wa ku Balaka akadafunsa tsiku loyamba, atangotsegula mpope.

Ndikutero kaamba ka mmene Balaka alili. Kuno ku Malawi tilibe chipululu cha mchenga, ndipo Balaka si mzinda waukulu. Anangokhala boma paokha mu 1998 atapatuka ku Machinga. Komabe amene anagonako mu Okotobala akudziwa kuti tauniyi inamangidwa m'chigwa chotentha, cha mvula yochepa, ndipo inakula chifukwa cha njanji, osati chifukwa cha mtsinje. Kwa zaka zambiri madzi a m'mipope yake akhala akuchokera kutali, ku damu la Mpira m'mapiri a ku Ntcheu. Mu 2018 damulo linaphwa, mipope ikuluza mpweya wokha, pamene Shire anali kungodutsa pansi pa baraji ya ku Liwonde ya 1965, ulendo wosakwana ola limodzi pa galimoto. Chaka chomwecho nyanja ya Chilwa, kum'mawa kwa Machinga, inauma monga inachitira mu 1968 ndi mu 1995, mabwato n'kutsala pamatope ong'ambika. Mnyamata wokulira kumeneko ali ndi maso oonera mzinda wouma amene Eliot analibe. Mlembi wathu anamulanda masowo n'kumuveka a mzungu.

Chimene chikundipweteka n'chakuti mnzathuyu luso ali nalo. Pa tsamba lachisanu mlondayo waima usiku pafupi ndi kasupe wa magetsi, madzi akuulukira m'mwamba popanda wowatunga, ndipo akukumbukira amayi ake akudzuka tambala woyamba asanalire kukaika chigubu pamzere wa pamjigo, ndi mwala pamwamba pake kuti anthu adziwe kuti chili ndi mwini. Pamene ndime imeneyi inkawerengedwa m'chipinda munali zii. Mwala umenewo sunabwerekedwe kwa munthu aliyense, ndipo nkhani yonse inayenera kumangidwa pa iwo. M'malo mwake mlembi anauthawa msanga n'kubwerera kwa ngamira zake, ngati kuti za kwawo n'zochititsa manyazi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Ena adzandifunsa kuti kodi mlembi azingolemba za kumene anapondako? Iai. Kupeka ndiyo ntchito yathu. Koma wopeka amayambira pa chimene akuchidziwa mpaka m'mafupa. Malemu Steve Chimombo anatenga Napolo wa phiri la Zomba, yemwe uja anakokolola anthu mu 1946, n'kumusandutsa ndakatulo zonena za dziko lonse. Bessie Head anafika ku Serowe, m'mphepete mwa Kalahari, mu 1964 ali mlendo wothawa kwawo, ndipo buku lake la 1981, Serowe: Village of the Rain Wind, analilemba atakhala pansi ndi anthu a m'mudzimo n'kumamvera zimene iwo ankanena. M'mabuku ake chilala chimapha ng'ombe, ndipo anthu amakangana za chochita. Chuma cha banja chimatha woweta akuona.

Malangizo anga kwa mnzathuyu ndi awa. Patchuthi chikubwerachi akayende kwawo monga mmene mlonda wake amayendera ku Dubai. Akwere kabaza kuchoka pa siteshoni ya Balaka kulowera ku Nkaya, pamene panapatukira njanji ya ku Nacala ya 1970, apitirire ku Utale. Awerenge milambe imene yatsala ndi zitsa za tsanya amene anapita ndi makala. Afunse mlimi wa thonje kuti mvula yoyamba amaidziwira chiyani, aone mmene kamvuluvulu amanyamulira mapesi masana, amve mmene amayi amakanganirana pamjigo. Madzulo amvere nyimbo m'tauni, pakuti malo oumawa ndi omwe anabala Alleluya Band mu 1978 ndi malemu Lucius Banda. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Akatero abwerere ku nkhani yake. Dubai asamuchotse, koma amupatse mlonda amene amawerengera dontho lililonse, amene amadabwa kuona udzu wobiriwira ukuthiriridwa pakati pa mchenga, nadzifunsa kuti ndani akulipira. Ndikupempha a wapampando kuti akailembanso aipatse malo pa msonkhano woyamba wa teremu ya mawa, ndipo ine ndidzakhala woyamba kuimirira.