Ulemu kwa Amisiri a Instamatic

Pamene kampani ya Kodak ya ku Rochester inatulutsa kamera ya Instamatic m'chaka cha 1963, anthu ambiri amene ankanjenjemera poika filimu, poopa kuti kuwala kungaiwononge ili m'manja, anamasulidwa ku goli limenelo. Pakuti mmisiri Hubert Nerwin anali atatsekera filimuyo m'kabokosi kapulasitiki ka nambala 126, kosatheka kulowa chozondoka, kotero kuti ngakhale mwana ankangokaponyamo n'kutseka. Mutu umodzi susenza denga: kamerayo anaikonza ndi Dean Peterson.

Akatswiri ankadandaula kuti filimu sinkagona mosalala m'kabokosimo, ndipo sananame. Komabe pofika 1970 makamera oposa mamiliyoni 50 anali atapangidwa, ndipo mu 1972 panabadwa mng'ono wake, wa filimu ya 110, wokwana m'thumba la malaya.