Buku la Salme wa ku Zanzibar, ndi Anthu Amene Linawaiwala

Mu 1886 ku Germany kunasindikizidwa buku la m'Chijeremani lotchedwa Memoiren einer arabischen Prinzessin. Mlembi wake anali mayi wamasiye, Emily Ruete, amene anabadwira ku Zanzibar mu 1844 dzina lake lili Salme, mwana wa Sultan Said bin Sultan. Ambiri amaliyesa buku loyamba limene mkazi wa kum'mawa kwa Africa anafotokozamo moyo wake ndi dzanja lake.

Ine monga mphunzitsi wa madrasa ndinaima nthawi yaitali pa nkhani ya m'mene anaphunzirira kulemba. M'nyumba yachifumu atsikana ankaphunzitsidwa kuwerenga Qur'an, koma cholembera chinali cha anyamata. Salme anadziphunzitsa yekha mobisa, akukopera zilembo za m'Qur'an pa fupa la phewa la ngamila. Luso limeneli silinachedwe kumuika m'moto: mu 1859, ali ndi zaka 15, ndiye ankalemba makalata a gulu la mlongo wake Barghash pamene linaukira mlongo wake wina, Sultan Majid. Makolo amene mumatulutsa mwana wamkazi m'kalasi akangodziwa kuwerenga, ndime imeneyi muiwerenge mofatsa.

Zotsatira zake n'zopweteka. Mu 1866 anathawira ku Aden ali ndi pathupi pa wamalonda wa ku Germany, Heinrich Ruete. Chaka chotsatira anabatizidwa, nakwatiwa, napita ku Hamburg. Mu 1870 mwamunayo anafa pangozi ya pamsewu, n'kumusiyira ana atatu aang'ono m'dziko lozizira la eni. Kusiya kwake Chisilamu sindikuchepetsa, ndipo chiweruzo n'cha Allah. Chodabwitsa n'chakuti buku lake likuikira kumbuyo Asilamu. Akufotokoza Ramadan, Eid ndi maukwati mwachikondi cha munthu wopukwa kwawo, natsutsa Azungu oganiza kuti mkazi wachisilamu ndi mkaidi wosadziwa kanthu. Pamenepa cholembera chake n'chakuthwa, ndipo amalemba zimene anaziona ndi maso.

Koma likafika pa ukapolo, bukuli limagwa. Salme akuteteza ukapolo, akunena kuti akapolo a Aluya ankasungidwa bwino kuposa amphawi a ku Ulaya, ndipo anthu akuda akuwanena ndi mawu onyoza, ngati anthu osagwira ntchito popanda wowakakamiza. Wowerenga wa ku Hamburg mwina anangogwedeza mutu. Ife a m'mbali mwa nyanja sitingatero. Ambiri mwa akapolo a m'minda ya ku Zanzibar anachokera kunoku: ena anawolotsedwa pa zombo za Jumbe ku Nkhotakota, nayendetsedwa pansi mpaka ku Kilwa. Ena mwa makolo athu anagulitsidwa, ena anagulitsa, ndipo njira yomweyo ndiyo inatibweretsera Dini. Mbiri imeneyi sitiikonda, koma ndi yathu.

Chimene chimandivuta koposa n'chakuti Salme ankaudziwa ululuwo. Mayi ake, Jilfidan, anali Mcircassia amene anagwidwa pankhondo ali mwana, makolo ake ataphedwa, nagulitsidwa mpaka kukafika m'nyumba ya Sultan. Nkhani imeneyo akuilemba ndi chisoni chenicheni. Mwana wa Chiyao kapena wa Chinyanja wogwidwa chimodzimodzi sanapeze chisoni chotere m'masamba ake.