Mlangizi Amene Amatsata Mbewu Mpaka Mumphika

Mlangizi wodziwa ntchito yake sayamba ndi kulankhula. Akafika m'munda wa mtedza chakumapeto kwa Januwale, mbewu zitayamba kuchita timaluwa tachikasu, amapempha mwini munda kuti azule tsinde limodzi. Amakutumula dothi mosamala n'kuonetsa timatuza tomwe tamera m'mbali mwa mizu, tating'ono ngati njere za mapira. Kenako amang'amba kamodzi ndi chikhadabo. Kakakhala kofiirira mkati ndiye kuti kakugwira ntchito: tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala mmenemo tikukoka nayitirojeni mumpweya, chakudya chambewu chomwe chija mlimi amachigula m'thumba la yureya. Kakakhala koyera kapena kobiriwira, palibe chikuchitika. Mlimi amene wadzionera yekha zimenezi savutanso kumuuza kuti asawotche masangwi akakolola.

Luso limeneli linakhwima bwino ku Ekwendeni, m'boma la Mzimba, kumene ntchito ya Soils, Food and Healthy Communities, mwachidule SFHC, inayamba m'chaka cha 2000. Gwero lake ndi chipatala cha mishoni cha Ekwendeni, cha Sinodi ya Livingstonia. Anamwino akumeneko, mmodzi mwa iwo Mayi Esther Lupafya, ankachiza ana onyentchera akudziwa kuti mwana akatuluka akubwerera kunkhokwe yomwe ija yopanda kanthu. Rachel Bezner Kerr wa ku Canada, amene panthawiyo anali wophunzira, anacheza ndi makolo a anawo, ndipo dandaulo linali limodzi: nthaka yaguga, feteleza sakugulika. Ndi zaka zimene kwacha inali itagwa mphamvu ndipo mtengo wa thumba unali utathawa mlimi wamba.

Chimene chimandigwira mtima ndi momwe alangizi a SFHC anadziletsera kupereka yankho lophikaphika. Anabweretsa njira zingapo: nandolo wophatikiza ndi mtedza, nandolo ndi soya, nandolo ndi chimanga, kalongonda, komanso ombwe. Mlimi aliyense ankasankha zoti ayese pakagawo kakang'ono ka munda wake, ndipo midzi inasankha anthu ake kukhala gulu la alimi ofufuza, oyendera anzawo n'kumalemba zimene aona. Pa pepala, kalongonda ndi ombwe zimakonza nthaka kwambiri. Koma ombwe sadyedwa, ndipo kalongonda amafuna kumuphika nthawi yaitali, kumataya madzi, kuti ululu wake uchoke. Nkhuni zophikirazo ndi msana wa mayi. Alimi ambiri anasankha zolowa mumphika. Alangizi sanakakamire. Anamva, n'kutsata kumene alimi analoza, ndipo kumva kotereku ndi theka la ntchito yonse.

Tsono taonani kukongola kwa munda wa nandolo ndi mtedza. Zonse ndi mbewu zamtundu wa nyemba, ndipo munthu angaganize kuti zilimbirana malo. Ayi ndithu. Nandolo amayamba mwaulesi; miyezi iwiri yoyambirira amangokhala kamtengo koonda, mphamvu zake zonse zili pansi, muzu wake waukulu ukuboola dothi louma limene khasu silifikako. Pamenepo mtedza umayanga, n'kuphimba mzere, n'kutsamwitsa udzu. Pofika Epulo kapena Meyi mtedza wakumbidwa, ndipo m'pamene nandolo amadzuka, kutambasula nthambi, kumamwa chinyontho chakuya pamene mvula yaleka kale. Amayoyola masamba miyezi yonse ya chisanu, amapatsa ndiwo zaziwisi nthawi imene ndiwo zikusowa, kenako nandolo wouma, ndipo mapesi ake ndi nkhuni. Chaka chotsatira mlimi amadzalapo chimanga. Mlangizi waluso amadziwa kutalikitsa mapando a nandolo kuti mthunzi usaphe mtedza, ndipo amadziwa kuti zimenezi sizilongosoleka pansi pa mtengo. Amagwira yekha khasu, nayeza ndi phazi, nauza mwini munda kuti, “Bambo, dzalani inuyo mzere wotsatirawu, ine ndikuonereni.”

Pali kantchito kena kamene kamaoneka kachabechabe koma ndi pamene pagona phindu lonse: kukwirira masangwi ndi masamba msanga, zisanauluke ndi mphepo, zisanapse ndi moto wa osaka mbewa. Nthaka ikauma gwa kukwirirako kumakhala kowawa, ndiye mlangizi ayenera kufika pa nthawi yake, osati mu Okutobala. Apa m'pamene a SFHC anaona chimene alangizi ambiri amachiphonya. Mtedza ndi nandolo zimatengedwa ngati mbewu za amayi, choncho kukumba, kuthothola, kusenda ndi kukwirira kumagwera mayi yemwe uja ali ndi mwana kumsana. Ndiponso mtedza ukachuluka, bambo amatha kuutengera kwa mavenda, ndalama n'kuthera kwina, mwana n'kumadyabe phala la madzi. Zokolola zikhoza kukwera mwana osanenepa.

Ndiye anatsata mbewuyo mpaka kukhitchini. Anayambitsa masiku ophika pagulu, pamene mudzi umasonkhana ndi mbaula, miphika ndi mitondo, n'kuphika phala lothira nsinjiro, mkaka wa soya, futali, chipere cha nandolo ndi masamba otendera. Soya ali ndi mwambo wake: ukamunyowetsa m'madzi ozizira ali wamuwisi amanunkha, anthu n'kumuda, choncho uyenera kumuponya m'madzi owira kale kapena kumukazinga. Kanthu kakang'ono kotere ndi kamene kamachititsa kuti banja lidye soya kapena limugulitse yense. Pa masiku amenewa amuna nawonso amagwira mthiko pamaso pa anzawo, ndipo manyazi akatha pabwalo savutanso kunyumba.

Agogo aakazi sanawasiye kunja. Kumpoto mkazi amakakhala kwa mwamuna, ndipo apongozi ndiwo ali ndi mawu pa kadyetsedwe ka khanda, kuphatikizapo kulipatsa dawale lisanakwane miyezi 6. Mlangizi wosadziwa akanangophunzitsa mayi wamng'onoyo, amene alibe mphamvu yotsutsa apongozi ake. A SFHC anakhazika agogo, abambo ndi amayi m'magulu okambirana, agogowo akupatsidwa ulemu wawo. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2011 anaonetsa kuti ana a m'midzi imene inakhalitsa mu ntchitoyi ankakula bwino kuposa poyamba. M'dziko limene kalembera wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 ali opinimbira, zimenezi si zazing'ono. Kuchokera mu 2012 njirayi inafikanso ku Lobi, m'boma la Dedza, alimi akuphunzitsa alimi anzawo.

Ndimaganizira kwambiri achinyamata. Mlangizi wa boma mmodzi amayang'anira mabanja oposa 1,000, kawirikawiri pa njinga yakapalasa, ndipo sangang'ambe katuza m'munda uliwonse. Mnyamata kapena mtsikana amene walemba Fomu 4 n'kubwerera kumudzi angathe, ndipo ulimi woterewu sumufuna kuti akhale ndi ndalama ya matumba awiri a feteleza asanayambe. Umafuna mbewu, imene angabwereke kunkhokwe ya mbewu ya m'mudzi n'kudzabweza akakolola, ndi munthu womuonetsa.

Chovuta chimene chatsala ndi mbuzi. Chimanga chikangolowa m'nkhokwe, ziweto zimamasulidwa, pamene nandolo akadali wobiriwira yekha m'munda monse. Pamenepa khasu silithandiza. Mlangizi amayenera kuvula chipewa, kukagwada kwa a nyakwawa, n'kupempha kuti mudzi ugwirizane lamulo loti mbuzi zikhale pachingwe kapena ndi mbusa mpaka nandolo atakololedwa, ndiponso chindapusa cha amene ziweto zake zalowa m'munda wa mnzake. Eni mbuzi nthawi zambiri ndi anthu olemekezeka m'mudzimo, ndipo nkhaniyi imayenera kukambidwanso chaka ndi chaka.