Kodi Mlimi wa kwa Mkanda Angaponye Thaulo?

Chining'a cha Chingerezi chakuti "to throw in the towel" chidachokera ku masewero a nkhonya. Wophunzitsa wankhonya akaona kuti munthu wake wathodwa ndipo angavulale, amaponya thaulo m'bwalo povomereza kugonja. Ndi momwe adachitira Mark Breland ku Las Vegas m'chaka cha 2020 pamene Tyson Fury adapanikiza Deontay Wilder m'chigawo chachisanu ndi chiwiri. Kotero chining'achi chimatanthauza kuleka kulimbana kaamba koona kuti kupambana kwakanika.

Cholakwika chimabwera pamene womasulira atsata liwu ndi liwu. Akalemba kuti, "Mlimi wa fodya wa kwa Mkanda ku Mchinji waponya thaulo," wowerenga wa kumeneko aganiza za kubafa, pakuti kwa iye thaulo ndi chopukutira m'thupi basi. Mawuwo ndi Achichewa ndithu, koma uthenga watayika.

Komanso si mawu onse oyandikana nawo amene angalowe m'malo mwake. "Kugwa mphwayi" ndi kufooka pomwe ntchito ikupitirirabe. "Kutaya mtima" kumanena za m'maganizo mokha. "Kunyanyala" kuli ndi mkwiyo umene m'Chingerezimo mulibe. Oyenera ndi "kugonja" kapena "kuimika manja", chifukwa onsewa akusonyeza kuvomereza ndi kuleka.

Motero alembi, akonzi ndi aphunzitsi ayenera kumasulira ganizo la chining'a. Chiganizo chija chikhale: "Mlimi wa fodya wa kwa Mkanda waimika manja, wasiya ulimiwo."