Achaina a ku Beira ndi Makalata a Akazitape

Lorenzo Macagno, mphunzitsi wa pa yunivesite ku Curitiba m'dziko la Brazil, analemba m'Cipwitikizi mbiri ya Achaina a ku Beira. Anthuwa anali ndi bungwe lawo lochedwa Chee Kung Tong, ndi timu yomveka ya basketball, Atlético Chinês. Apwitikizi ankawatama poyera kuti ndi nzika zabwino. Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mao Zedong atatenga ulamuliro mu 1949, a cipani ca Kuomintang nathawira ku Taiwan, boma la atsamunda linayamba kufunsa: ndani ali ku mbali ya Taiwan, imene Portugal inkagwirizana nayo, nanga ndani ali ku mbali ya Beijing, imene inadzathandiza FRELIMO? Akazitape anachera khutu, nalemba.

Cimene tikuyamikira pa nchito ya Macagno n'cakuti sanakhulupirire makalata a boma okha. Anafunafuna eni ake, amene ambiri anasamukira ku Curitiba ufulu wa 1975 utafika, nacheza nawo, naona zithunzi zawo zakale. Ici n'cofunika, pakuti kazitape salemba zimene anthu ali. Amalemba zimene bwana wake akuopa.

Komabe pali pamene sitinakhute. Amene akumveka kwambiri ndi aja anacoka. Nanga otsala? Nanga anthu akuda amene ankagwira nchito m'masitolo awo ndi kukhala nawo pafupi? Mawu awo akumveka mwapansipansi, ndiye mbiriyo ikuyenda ndi mwendo umodzi.

Abale otsogolera sukulu za akulu, musati za ku Beira zili kutali ndi Kalomwe. Boma lomwelo linatseka mamishoni a Dutch Reformed kuno ku Angónia mu 1922, pamodzi ndi Mphatso imene inayamba mu 1909, ndipo akhristu ankadumpha malire kukapemphera ku Nyasaland. Tikangodalira zimene analemba atsamunda, adzukulu athu adzawerenga kuti makolowo anali anthu okayikitsa basi.

Conco ophunzira akadziwa kugwira colembera, atumeni kwa agogo amene anaona masiku a PIDE. Alembe dzina la wonena, mudzi wake ndi caka. Afunsenso amayi, osati abambo okha ayi. Afunse othawa ndi otsala omwe. Nkhalamba zikutha, tisacedwe.